Kutsuka galimoto mvula ikaleka: mbiri ya bizinesi yathu ku Limbe

Bizinesi yathu yotsuka galimoto tinayiyamba ine ndi mng'ono wanga pa kamalo kena m'mbali mwa msewu ku Limbe, tili ndi ndowa ziwiri, nsanza, sopo ndi mgolo umodzi wosungiramo madzi. Masiku oyambawo tinkaona ngati ntchito yatha galimoto ikawala kunja, ndipo eni ake nawonso ankayang'ana pomwepo, moti akaona magalasi akunyezimira ndi matayala atada bii, ankalipira n'kumapita osangalala. Panadutsa madzinja angapo tisanazindikire kuti zimene zimawononga galimoto kwambiri kuno kwathu zimabisala kunsi kwake ndi pansi pa mipando, komwe mwini wake sasuzumirako.

Mvula kuno imayamba cha mu Novembala kapena Disembala n'kudzaleka cha mu Epulo, ndipo miyezi yonseyi galimoto zoyenda m'misewu ya m'makwalala a Bangwe, Ndirande kapena Chilobwe zimakhala zikunyamula matope tsiku ndi tsiku. Matopewo amakakamira pamwamba pa matayala ndi m'zitsulo za kunsi, amauma kunja koma m'kati amasunga chinyezi, ndipo pamenepo ndi pamene dzimbiri limayambira. Galimoto zambiri zimene timalandira, monga Toyota Sienta, Vitz ndi Probox, zinayenda kale ku Japan zisanabwere kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, ndipo zimene zinachokera kumadera ogwa chipale, komwe amathira mchere m'misewu, zimafika dzimbiri litagwira kale pang'ono. Galimoto yotere ikakhala ndi matope a dzinja mpaka Julayi, mwini wake amadzamva kwa makaniko kuti chitsulo chaboola.

N'chifukwa chake tinasunga ndalama mpaka tinagula makina opopera madzi mwamphamvu, koma makinawo anandiphunzitsa mowawa. Bambo wina anandipempha kuti ndimutsukirenso injini, ine n'kupopera madzi paliponse injiniyo idakali yotentha, ndipo titamaliza galimoto inakana kulira chifukwa madzi analowa m'mapulagi ndi m'mawaya. Bamboyo sanakalipe, anangoti, "Achimwene, ndiye ndikafika bwanji kuntchito?" Mawu amenewo anandipweteka kuposa ndalama imene ndinalipira makaniko tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo injini timayamba tayidikira kuti izizire, n'kuphimba alternator (chipangizo chotchaja batire) ndi kabokosi ka mafyuzi ndi pepala la pulasitiki, kenako n'kupukuta ndi manja malo amene sayenera madzi ambiri.

Nthawi imene inasintha bizinesi yathu ndi ya namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023. Mzinda wa Blantyre unali pa chisoni chachikulu, ndipo nkhani ya galimoto inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi miyoyo imene inatayika. Komabe patapita masabata angapo anthu anayamba kubwera ndi galimoto zimene zinalowa madzi, zikununkha nkhungu moti munthu sukanatha kukhalamo magalasi ali otseka. Ena anali atathiramo mafuta onunkhira, koma fungo linkabwereranso. Tinaphunzira kumasula mipando, kutulutsa kapeti yense pamodzi ndi chinsanza chokhuthala chimene chimakhala pansi pake, chomwe chimamwa madzi ngati siponji, n'kuziyanika padzuwa masiku awiri kapena atatu. Tinapezanso kuti kunsi kwa zitseko kuli timabowo totulutsira madzi, ndipo timeneti tikatsekeka ndi matope, madzi amakhala m'chitseko n'kumamveka kukhuthuka munthu akachitsegula. Chimodzimodzinso ngalande ya m'munsi mwa galasi lakutsogolo, imene imadzaza masamba a mango kapena jakaranda galimoto ikamagona pansi pa mtengo, madzi n'kumadonthera kumapazi a wokwera kutsogolo.

Ntchito imene timagwira mvula ikangoleka, m'nyengo ya masika, inachokera pamenepo. Timatsuka kunsi konse, timatsegula timabowo tija ndi kawaya, timayanika makapeti, ndiponso timatulutsa tayala la sipeya m'buti chifukwa pansi pake pamakonda kudikha madzi. Pali chinthu china chimene ndimachiumirira kwambiri. Masika ndi nthawi imene anthu a m'tauni amapita kumudzi kukatenga chimanga ndi mtedza, ndipo njere zimene zimatayikira pansi pa mipando zimaitana makoswe. Mayi wina anabwera akudandaula kuti magetsi akutsogolo akuzimazima, ndipo nditatsegula boneti ndinapeza chisa cha mapepala ndi makoko a mtedza pafupi ndi batire, waya wina atatafunidwa mpaka mkuwa kuonekera. Ndinawauza kuti, "Mayi, apa pakufunika wa zamagetsi, ife titsuke kaye kuti alendowa asowe chakudya." Mpaka lero amabwera chaka chilichonse akangotsitsa matumba awo.

Ife si amakaniko, ndipo sitigwira mabuleki kapena m'kati mwa injini, koma popeza galimoto timayiona pafupi kuposa mwini wake, timamuuza zimene taona. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikayamba, batire yofooka imakanika kudzutsa injini m'mawa, choncho timapukuta zoyera zimene zimamera pamitu ya batire n'kuona ngati mawaya ali omangika bwino. Kuyambira Ogasiti fumbi limachuluka, ndipo filita ya mpweya imafunika kuikutumula kawirikawiri kapena kuisintha ikada kwambiri. Oyilo, madzi a mu radiyeta ndi mpweya wa m'matayala timaziyang'ana nthawi iliyonse popanda kuwonjezera mtengo, chifukwa sizititengera nthawi.

Kwacha itatsika ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo za galimoto zinakwera mtengo kwambiri, ndipo ine ndinkaopa kuti anthu asiya kubwera. Ena anasiyadi n'kumatsukira kunyumba, koma amene anatsala anayamba kufunsa mafunso ambiri okhudza kusamala galimoto kuti ikhalitse. Sopo ndi madzi nazonso zinatidula, moti tinakumba kadzenje kothiramo mchenga kuti madzi otsukira kunsi tizitha kuwagwiritsanso ntchito pochotsa matope oyamba.

Dzuwa la Okutobala likafika, labala ya mawaipa imauma n'kung'aluka, ndipo ambiri amadzazindikira tsiku la mvula yoyamba ali pakati pa msewu wa Chipembere, galasi likungopakika matope. Choncho mwezi umenewu aliyense wobwera kwathu timamudzutsira mawaipa n'kumuonetsa labalayo ndi chala, kenako timamuthirira madzi m'kabotolo kopopera galasi asananyamuke.