Ndalama za mwana wa malemu achemwali

Achemwali atatisiya kuno ku Leeds, wilu yawo inandiika ine kukhala trustee, kutanthauza wosunga ndi kuyang'anira ndalama za mwana wawo mpaka adzakwane zaka 18. Pano ali ndi 13, ndiye wilutcheya yake yatha, thayala limodzi likulira ngati ngolo, mtima kuwawa ndithu. Ndimaganiza kuti ndalama zenizenizo sizikhudzidwa, koma loya anandionetsa section 32 ya Trustee Act 1925, lamulo la kuno ku England lokhudza ma trustee, kuti trustee atha kutapako bola zikupindulira mwanayo, poyamba malire anali theka la gawo lake koma kuyambira 2014 ndi lonse, ndipo zomwe watapa amadzachotsera pa gawo lakelo. Mawa tikukayeza wilutcheya yatsopano, malisiti onse ndikusunga mu envulopu ya achemwali.