Timawu ta pakati pa python3 ndi dzina la fayilo

Mlungu uno maphunziro anga a Python afika pa gawo limene ambiri amalidumpha: ma option a interpreter (pulogalamu imene imawerenga ndi kuyendetsa code ya Python), timawu toyamba ndi kamzere tomwe timalembedwa pa terminal, zenera lolembamo malamulo, pambuyo pa `python3`. Ophunzira ambiri timangodziwa `python3 fayilo.py` basi, n'kumaona ngati nzeru zonse zili m'kati mwa fayiloyo. Koma ndaona kuti fayilo yomweyo, osasinthamo ngakhale chilembo chimodzi, imatha kuchita zinthu zosiyana malinga ndi momwe mwaiitanira.

Chinthu choyamba chimene chandikhazika mtima pansi ndi nkhani ya malo. Mzere umene timalemba pa terminal uli ndi eni ake awiri. Zonse zimene zili kumanzere kwa dzina la fayilo ndi za interpreter, zimene zili kumanja ndi za pulogalamu yanu. Zili ngati kalata: zolembedwa pa envelopu amawerenga ndi a positi, zam'kati amawerenga ndi mwini kalatayo. Ndinalemba kafayilo ka mizere iwiri, `import sys` ndi `print(sys.argv)`, n'kukatcha `ona.py`. Nditalemba `python3 -v ona.py`, sikirini inadzaza ndi mizere yambirimbiri yosonyeza module iliyonse (code yokonzedwa kale imene imaitanidwa ndi `import`) imene Python ikutsegula ndi komwe yaitenga. Nditalemba `python3 ona.py -v`, panatuluka mzere umodzi wokha, `['ona.py', '-v']`. Interpreter sinaikhudze n'komwe `-v` ija, inangoipereka kwa pulogalamu yanga kuti ione yokha chochita nayo. Ma option awiri, `-c` ndi `-m`, amatsekanso mndandanda wa ma option a interpreter chimodzimodzi: chilichonse chobwera pambuyo pa lamulo kapena dzina la module chimapita mu `sys.argv`.

Za `-c` sinditalikitsa. Imakulolani kuyendetsa kachidutswa ka code popanda kutsegula fayilo, monga `python3 -c "import sys; print(sys.executable)"`, ndipo kamzere kameneka kamakuuzani Python yeniyeni imene ikuyenda pa kompyuta yanu. Kufunika kwake kumaoneka pa makina amene ali ndi Python zingapo, zomwe zachuluka kuyambira pamene Python 3.0 inatuluka mu 2008 n'kukhala limodzi ndi Python 2 mpaka pamene yakaleyo inasiya kusamaliridwa pa 1 Januwale 2020.

Koma `-m` ndiyo yandidyera nthawi, ndipo sindikudandaula nazo. Imauza interpreter kuti ifunefune module potengera dzina lake, monga momwe `import` imachitira, kenako iiyendetse ngati pulogalamu. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri amalimbikira kuti tizilemba `python3 -m pip install` m'malo mwa `pip install` yokha. Lamulo la `pip`, chida choikira ma package (mitolo ya ma module olembedwa ndi ena), palokha likhoza kukhala la Python ina, n'kukaika package kumene pulogalamu yanu sidzaione. Mukadutsa pa `-m`, package imalowa mu Python yomweyo imene mwaitchula. Njira yomweyi imatsegulanso zida zimene zimabwera kale ndi Python: `venv` yopangira malo apadera a pulojekiti iliyonse, `json.tool` yosanja bwino fayilo ya JSON yopiringizika, `timeit` yoyezera liwiro la code. Chimene ndachikonda kwambiri ndi `python3 -m http.server`, chomwe chimasandutsa foda imene mulimo kukhala kawebusayiti pa port 8000. Mnzanu amene muli naye pa Wi-Fi imodzi amatha kukopera mafayilo pa foni yake osawononga bandulo. Chenjezo lake n'lakuti chimatsegukira aliyense amene ali pa netiweki imeneyo, pokhapokha muwonjezere `--bind 127.0.0.1` kuti chizioneka pa kompyuta yanu yokha.

Pansi pa zonsezi pali `sys.path`, mndandanda wa mafoda amene Python imayendamo motsatana ikamafuna module. Mukaitana fayilo ndi dzina lake, malo oyamba pamndandandawu ndi foda imene fayiloyo ikukhala. Mukagwiritsa ntchito `-m`, malo oyamba ndi foda imene inuyo mwaima pa terminal. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa, koma ndi kumene kumabala madandaulo ambiri oti `import` ikukana pomwe fayilo ikuoneka ndi maso.

Ndinafuna kuona ndekha kuopsa kwa malo oyambawa, choncho ndinapanga dala fayilo yopanda kanthu n'kuitcha `random.py`. Pambali pake ndinaika `juga.py` yokhala ndi `import random` komanso `print(random.randint(1, 6))`. Python inayankha kuti module ya `random` ilibe `randint`. Inali itatenga fayilo yanga yopanda kanthu ija, chifukwa inakumana nayo isanafike ku foda ya ma module ake enieni. Nditalemba `python3 -P juga.py`, nambala inatuluka bwinobwino. Option ya `-P` inabwera mu Python 3.11, ndipo ntchito yake n'kuletsa foda imeneyi kuikidwa patsogolo. Palinso `-I`, ya mu Python 3.4, imene imapitirira apo: imanyalanyazanso ma environment variable (zoikika zimene terminal imapatsira mapulogalamu) onse oyamba ndi PYTHON ndi ma package a mu foda ya wogwiritsa ntchito. Ndikuona kuti pulogalamu iliyonse yoyendetsedwa ndi mphamvu za administrator iyenera kuitanidwa ndi `-I`, popeza munthu wa zolinga zoipa angofunika kuponya fayilo ya dzina loyenera pamalo oyenera, code yake n'kuyenda ndi mphamvu zanu.

Ya `-i` ndi yothandiza kwambiri kwa wophunzira. Pulogalamu ikatha, kapena ikagwa ndi vuto, simubwerera ku terminal. Mumatsala pa `>>>`, pamene Python imadikira malamulo anu, ndipo ma variable onse a kunja kwa ma function ali chikhalire, mukhoza kuwafunsa mmodzimmodzi kuti muone chimene chalowamo. Ngati vutolo lachitikira m'kati mwa function, `import pdb; pdb.pm()` imatsegula chida chofufuzira zolakwika n'kukufikitsani pamzere womwewo. Kudzaza `print` paliponse m'fayilo kumachepa ndithu.

Pali `-u` imene ndinaimvetsa nditaona vuto lake. Pulogalamu ikamalemba pa sikirini, mzere uliwonse umatuluka nthawi yomweyo. Koma mukatumiza zotulukazo ku fayilo kapena ku pulogalamu ina, monga `python3 kopera.py | tee log.txt`, Python imazisunga kaye mpaka zichuluke, kenako n'kuzikhuthula pamodzi. Woyang'ana amaganiza kuti pulogalamu yaima pomwe ikugwira ntchito. `-u` imathetsa kusungako, ndipo `PYTHONUNBUFFERED=1` imachita zomwezo, n'chifukwa chake mzere umenewu umapezeka m'mafayilo ambiri a Docker, chida choyendetsera mapulogalamu m'malo awoawo otsekeka.

Ina imene yandichititsa mantha pang'ono ndi `-O`. Imachotsa mizere yonse ya `assert`, yomwe imaimitsa pulogalamu ngati zimene ikuyeza si zoona, ndipo `-OO` imachotsanso ma docstring, mawu ofotokozera code olembedwa m'kati mwake. Tangoganizani pulogalamu yosunga ndalama za banki nkhonde imene ili ndi `assert ndalama > 0` ngati mlonda woletsa munthu kulemba nambala yolakwika. Wina akaiyendetsa ndi `-O`, mlondayo palibenso, ndipo palibe uthenga uliwonse wokuchenjezani. Choncho `assert` ndi ya ife olemba code pofufuza zolakwika zathu. Zimene wogwiritsa ntchito walowetsa ziyenera kuyezedwa ndi `if` ndi `raise`, zomwe option iliyonse singazifufute.

Zotsalazo ndangozilawa. `-B` imaletsa kupanga foda ya `__pycache__`, momwe Python imasungamo ma module omasuliridwa kale kuti azitseguka msanga. `-W error` imasandutsa machenjezo kukhala zolakwika zenizeni, zomwe zimathandiza kugwira code yakale isanasiye kugwira ntchito. `-X importtime`, ya mu Python 3.7, imasonyeza nthawi imene `import` iliyonse yatenga, ndipo pa kalaputopu kakale ngati kanga imaulula msanga package imene ikuchedwetsa pulogalamu poyamba.

Mndandanda wonse uli pafupi, `python3 -h` imautulutsa popanda intaneti. Chotsatira pa ndandanda yanga ndi mzere wa `#!/usr/bin/env python3`, umene umalembedwa pamwamba pa fayilo kuuza kompyuta pulogalamu yoyendetsera fayiloyo, chifukwa pa Linux zonse zobwera pambuyo pa dzina la pulogalamu pamzere umenewu zimaperekedwa ngati mawu amodzi, ndipo kungowonjezerapo `-u` kumapangitsa `env` kufunafuna pulogalamu yotchedwa `python3 -u` imene kulibe. Ndikufuna kuyesa `env -S` ndione momwe imagawira mawuwo.