Zikomo anthu a ku Paje

Abale anga ndati ndithokoze pagulu anthu a ku Paje kuno ku Zanzibar, poti ine ndinabwera kudzagwira ntchito pa hotelo koma pano mutu wazungulira ndi kitesurfing, masewera oyenda pamadzi uli pa bolodi kwinaku ukukokedwa ndi kaiti. Choyamba aphunzitsi anga aja, munthu woleza mtima zedi, anandiyambitsa pamchenga ndi kakaiti kakang'ono, kundionetsa momasulira chicken loop, kachingwe kolumikiza kaiti ku lamba wam'chiuno, zinthu zikavuta, kenako kukokedwa m'madzi popanda bolodi mpaka mchere ndinaumwa wokwanira. Ankati dikirani Kusi, mphepo yakummwera yoyamba cha mu Juni, ndiyo yamphamvu kuposa Kaskazi, yakumpoto ya mu Disembala, ndipo sananame ayi.

Koma zikomo wamkulu apite kwa asodzi awiri apangalawa, ngakhale maina sindikuwadziwa. Mphepo inangoti zii ndili kutali cha ku reef, matanthwe a m'nyanja, kaiti ili m'madzi, nyanja ikudzaza, iwo anabwera kudzanditola nkukulunga zingwe zonse bwinobwino, ndalama anakana. Komanso amayi olima seaweed, ndere za m'nyanja, amene anandilozera pomwe pali zikhomo zawo ndi ma sea urchin, tizilombo taminga ta m'nyanja, apo ayi phazi langali likanaona zakuda. Asanteni sana, Mulungu akudalitseni, asodzi inu ngongole ya soda ndikadali nayo.