Zikomo kwa onse amene munandigwira dzanja mpaka pano

Abale anga tulo takanika, kalata ndailandira dzulo masana koma mpaka pano ndikungoitsegula n'kuipindanso. Kuyambira mwezi wamawa ndine mkulu wa treasury pa banki yathu, dipatimenti yoyendetsa ndalama za banki ndi kugula n'kugulitsa madola. Zaka 15 chilowereni pakhomo limeneli. Ndiye ndati ndisadikire za phwando, ndithokoze pompano anthu adakali moyo amve ndi makutu awo.

Poyamba Mulungu. Kenako amayi anga ku Katete, amene mpaka lero akafunsidwa kuti mwana wanu amagwira ntchito yanji ku Lusaka amangoti "amasintha madola." Amayi simukunama ayi, ndi zomwezo ndithu. Mtedza umene munkagulitsa kuti ndipeze ya basi yobwerera kusukulu ndi umene wabala zonsezi. Malume anga a ku Chilenje, munandisunga zaka zitatu osandiwerengera nsima, zikomo kwambiri malume.

Ambiri amaganiza kuti munthu amangofika n'kukhala pa makompyuta anayi aja n'kuyamba kugula ndi kugulitsa madola. Ine ndinayambira ku back office mu 2010, ntchito yanga inali kuona ngati zimene ma dealer, ogula ndi kugulitsa ndalama aja, agwirizana pafoni zikufanana ndi zolembedwa, tsiku lolipira, akaunti, ziro aliyense. Inkanditopetsa, ndinkasirira a m'dealing room kudzera pagalasi. Mayi amene ankatiyang'anira kumeneko, pano anapuma ntchito, ndi amene anandikakamiza kulemba ACI Dealing Certificate, mayeso a ntchito ya ma dealer, anandibwereka mabuku awo ndipo Loweruka ankandifunsa mafunso ngati mwana wawo. Amayi a ku back office inu, mu January 2013 pamene Bank of Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha tinachezera limodzi mu ofesi kuonetsetsa kuti K1,000 yakale yasandukadi K1 paliponse, usiku umene uja ndi pamene munandiuza kuti ndakonzeka kuwoloka galasi lija. Sindinaiwale.

Manje apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa pang'ono chifukwa ambiri a inu mumangodziwa kuti nthawi ina ndinaonda n'kusiya kubwera kutchalitchi, simunadziwe chifukwa chake.

2015. Amene munali mu msika mukukumbukira. Mtengo wa kopa unagwa, madzi ku Kariba anachepa magetsi n'kumazima maola ambirimbiri, migodi inayamba kuchepetsa ntchito ndiye madola olowa m'dziko anachepa pomwe aliyense woitanitsa katundu kunja akuwafuna tsiku lomwelo. Dola imene tinayamba nayo chaka ili cha m'ma K6 inadutsa K12, mpaka dziko lonse linaitanidwa ku mapemphero pa 18 October. Ine nthawi imeneyo ndinali dealer wa zaka ziwiri zokha, magazi akuwira. Ndinagulitsa madola kwa kasitomala wamkulu ndisanawagule kwina, mumtima ndikuti kwacha yagwa mokwanira mawa ibwerera ndigula motchipa. Sinabwerere. M'malo motseka position, ndiko kuti kugula madola aja pompo, n'kuvomera kuluza pang'ono ndinadikira, tsiku lachiwiri ndinadikiranso, ndinadutsa limit, malire a ndalama amene anandipatsa, ndipo sindinanene msanga. Cholakwa chachikulu chinali chimenecho, kukhala chete. Ndalama zimene banki inataya sindingazilembe pano koma ndinkadziwa kuti ntchito yatha.

Abwana anga a nthawi imeneyo, chief dealer wathu, sanandibisire mlandu ndipo sanandinyengerere, anapita nane okha kwa akuluakulu n'kunena zonse mmene zinalili. Koma ananenanso kuti mwanayu musamutaye. Anandichotsa pa desiki ya ma dealer n'kunditumiza ku risk, dipatimenti yoona zimene zingatayitse banki ndalama. Ine ndinaona ngati andiika m'manda ndili moyo, miyezi yoyamba ndinkalira m'minibasi kuchokera pa Cairo Road mpaka kunyumba. Bambo a ana anga, inu ndi amene munaona zonsezi, munkaphika, munkasambitsa mwana, munkandimvera ndikubwereza nkhani imodzimodzi usiku uliwonse osandiuza kuti yakwana. Ndilibe mawu okukwanani.

Koma zaka zitatu za ku risk zija ndi zimene zandipatsa mpando uwu, ndikunena zoona. Pa desiki munthu umaona rate ya lero basi. Ku risk ndinayamba kuona banki yonse, ndalama za anthu zimene tasunga zingafunidwe liti, ngongole zimene tapereka zibwera liti, Bank of Zambia ikakweza policy rate, chiwongola dzanja chimene mabanki amatsatira, kapena ndalama zimene mabanki ayenera kusungitsa kwa iwo zitipweteka pati. Limit ija ndinkaiona ngati chingwe chondimanga ndinamvetsa kuti kumbuyo kwake kuli ndalama za amayi ogulitsa ku Soweto Market ndi penshoni za aphunzitsi. Nditabwerera pa desiki mu 2018 anandipatsa mbali ya ma treasury bill ndi ma bond, mapepala amene boma limabwerekera ndalama, a masiku 91 mpaka 364 ndi aja a zaka 2 mpaka 15, ndipo ndinali munthu wina. Ndiye mu November 2020 dziko litalephera kulipira chiwongola dzanja cha $42.5 miliyoni pa Eurobond, ngongole ya madola imene boma linatenga kunja, Covid ili mkati tikugwirira ntchito kunyumba, mafoni a makasitomala akulira osaleka, ine ndi amene ndinkakhazika mtima pansi anyamata a pa desiki. Abwana, pano muli kwina koma ndikudziwa muwerenga, zikomo posandisiya ndigwe ndekha.

Kwa achinyamata amene mumandilembera kufunsa za ntchitoyi, makamaka inu atsikana, chifukwa m'dealing room tidakali ochepa. Maganizo anga ndi akuti liwiro la pa screen silikhalitsa, pofika zaka 40 pamabwera mwana wachangu kukuposa ndipo zambiri zimene tinkachita pafoni pano makina akuchita okha. Anzanga amene tinayamba limodzi ena ali ku ma pension fund akuyendetsa ndalama za anthu opuma ntchito, ena ndi ma broker, ogulira ndi kugulitsira anthu masheya pa LuSE, msika wa masheya wa ku Lusaka, wina anapita ku sales amakhala ndi makampani kuwathandiza kudziteteza dola ikakwera, wina analimbikira CFA, mayeso a ukatswiri woyendetsa ndalama, magawo onse atatu pano ali ku Johannesburg. Amene zinawavuta ndi aja ankangodziwa kutchula rate. Ndiye akakutumizani ku back office kapena ku risk musanyoze, pitani mukaphunzire, ndipo tsiku limene position yakuipirani nenani ola lomwelo.

Anzanga a pa desiki, amayi a m'chigwirizano amene munkabwera kudzapemphera nane osandifunsa mafunso, mlongo wanga amene unkatenga ana Loweruka kuti ndiwerenge, abambo a pageti amene munkandidikira ndikatuluka usiku mpaka nditakwera galimoto, nonse zikomo. Mpando wanga wakale akhalapo mtsikana amene ndinamupeza ku back office zaka zinayi zapitazo, mabuku aja ndinamupatsa kale. Lachisanu ndikwera basi pa Intercity, kalatayi ndikufuna amayi aigwire ndi manja awo.