Oyilo wa 2T muziyeza, osamangothira

Inu amene muli ndi makina otchetchera udzu kapena chainsaw, chonde muziyeza oyilo. Injini ya makina ambiri otere ndi ya two-stroke (2T), ilibe mosungira oyilo, imadalira amene mwasakaniza mu petulo. Buku la makinawo likati 50:1, ndiye kuti mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, kapena 100 pa malita 5. Likati 40:1, ndi 25 pa lita.

Oyilo wake ndi wa 2T, osati wa galimoto ayi. Thirani theka la petulo m'chigubu choyera, kenako oyilo, khutchumulani bwino, malizitsani petuloyo n'kukhutchumulanso.

Oyilo akachepa, pisitoni imatentha, imakanda silinda mpaka kugwira, injini yathera pomwepo. Akachuluka, utsi tolotolo, pulagi imada bii, kuliza kumavuta. Petulo wosakaniza asagone m'chigubu kupitirira mwezi.