Tinakaona za napolo ku Soche ndi ku Michesi

Komiti yathu yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuno ku East Bank, m'boma la Chikwawa, inapita kukacheza ndi anzathu a ku Phalombe mvula yodzalira itangoyamba. Za madzi osefukira ife palibe angatiphunzitse. Tinawaona mu 2015, anabweranso ndi namondwe Idai mu 2019, ndipo namondwe Ana mu 2022 anaononga mpaka damu la Kapichira. Koma za kugumuka kwa phiri ndife mbuli, chonsecho midzi yathu yambiri ili m'tsinde mwa mapiri otsetsereka kuchokera ku Thyolo.

Tinakwerera pa Thabwa. Ku Blantyre tinangoima pang'ono ku Chilobwe kuona chipsera cha phiri la Soche, pomwe matope ndi miyala zinatsika n'kukwirira nyumba mu March 2023, nthawi ya namondwe Freddy. Sitinakhalitse, ulendo unali ukadalipo.

Ku Phalombe amfumu anatitengera kumtsinje wina wochokera m'phiri la Michesi. M'minda muli miyala yaikulu ngati nyumba, ndipo anthu amangolima moilambalala. Ina inatsika ndi napolo wa mu March 1991, amene anapha anthu mazanamazana. Mayi wina wachikulire anatiuza chinthu chimene chinatizunguza mutu. Anati mtsinje ukaphwa mwadzidzidzi mvula ili mkati, musanene kuti zatha, thawani, chifukwa kumtunda kwatsekeka ndipo chotsekacho chikaphulika chibwera ndi zonse. Kwathu madzi akayamba kutsika timabwerera kunyumba kukaona mbuzi! Anatchulanso ming'alu yatsopano m'minda ya m'phiri, mitengo yopendekeka, kasupe wotumphuka pomwe panalibe, ndi mkokomo wochokera kumtunda.

Mlangizi amene anatiperekeza anafotokoza kuti dothi la m'phiri ndi losaya ndipo limangokhala pamwamba pa thanthwe. Mvula ikagwa masiku otsatizana, madzi amalowa n'kukaima pakati pa dothi ndi mwala, ndiye dothi lonyowalo limalemera pomwe pansi pake paterera. Choncho mvula yoopsa si ya lero yokha, koma yonse imene nthaka yamwa kale.

Anati ku mapiri a Alps ku Ulaya anthu amalimbana ndi vuto lofananako, koma la chipale chofewa. Chipale choyambirira cha nyengo yozizira chimagwa chochepa, ndipo chikakhala masiku ozizira kwambiri chimasanduka timibulu tosagwirana. China chikadzagwa pamwamba pake, maso amaona ngati zonse ndi zolimba, koma munthu mmodzi kungopondapo, chigamba chonse chimang'ambika n'kutsika naye. Zimachitika kwambiri pa malo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45. Kumeneko akatswiri amakumba dzenje kuti aone zigawo za pansi, ndipo tsiku lililonse amalengeza kukula kwa ngozi pa mlingo wa 1 mpaka 5. Chimene ndinatolapo ine n'chakuti iwo amasunga mbiri ya nyengo yonse kuyambira chipale choyamba. Ife mvula ya sabata yatha timaiwala dzuwa likangowala, ndipo dzuwa la kwathu mukulidziwa.

Madzulo panabuka mkangano. Mlembi wathu anafunsa kuti, "Amfumu, ife amatiuza kuti tisamuke m'mbali mwa Shire tipite kumtunda. Nanga kumtunda kwathuko si m'tsinde mwa phiri?" Amfumu anangoti malo okwera si onse abwino, muyambe mwaona komwe mtsinje umatulukira m'phiri, ndipo pomwe pali miyala yaikulu yobulungira musamangepo, inabwera ndi madzi ndipo njira yake siiiwala. Ena mwa ife sanakondwe nalo yankholi, poti malo osamukirako ndi ochepa kale ndipo eni ake alipo. Ine ndikuona kuti funsoli ndi lofunika kupita nalo ku khonsolo ndi ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, anthu asanapatsidwe malo ena, osati nyumba zitamangidwa.

Pobwerera tinagwirizana kuti tiyendere mitsinje ya Livunzu ndi Nkhate kuona pomwe pali miyala yotereyi, tipeze manambala a foni a mafumu a kumtunda ku Thyolo kuti azitiuza mvula ikalimbikira, komanso tipemphe choyezera mvula choti chiziikidwa pasukulu. Za choyezeracho ndalama sizinapezeke, tidzakambirana pa msonkhano wa mwezi uno.