Loweruka pa Temple Lot

Lero azakhali sanapite ku ntchito, ndiye tinadzuka m'mawa kuchoka ku Kansas City kupita ku Independence, kuno ku America, ulendo wosakwana theka la ola pa galimoto. Ndinkafuna kuona ndi maso anga malo amene Amormoni amawatcha Temple Lot. Ndi bwalo la udzu chabe. Joseph Smith, amene anayambitsa mpingo wa Amormoni, analipatula pa 3 Ogasiti 1831 akunena kuti pamenepa ndi pomwe padzamangidwe kachisi wa Ziyoni, koma mpaka lero kachisiyo palibe.

Ukaima pa udzupo, mipingo itatu imakuyang'ana. Kuno kuli kachisi wa Community of Christ, wa denga lachitsulo lopotana ngati chigoba cha nkhono. Uko kuli nyumba yolandirira alendo ya mpingo waukulu wa ku Utah, uja wa anyamata a malaya oyera amene timawaona akuyenda awiriawiri mu Blantyre. Ndipo pa bwalo penipenipo pali kanyumba koyera ka mpingo waung'ono wa Church of Christ, eni malowo, amene anakokedwerapo kukhoti m'ma 1890 koma malowo sanawataye. Onsewa mneneri wawo ndi mmodzi.

Tinayamba kwa a ku Utah. Anatilandira atsikana awiri a mishoni, aulemu wawo. Ine sindinazungulire, ndinafunsa ngati n'zoona kuti amakhulupirira kuti munthu akhoza kudzakhala mulungu. Mmodzi anati inde, ndife ana a Mulungu enieni, ndipo mwana amakula n'kufanana ndi bambo wake. Anatsegula Aroma 8:17 ndi Salimo 82:6. Azakhali, amene ndi mayi wa Mvano kuyambira ndili wakhanda, anayamba aika chikwama pansi.

"Mwanawe, kodi mawu akuti mudzakhala ngati Mulungu anawayamba ndani m'munda wa Edene muja?"

Mtsikanayo sananjenjemere. Anati njoka inanama pa za imfa, koma pa Genesis 3:22 Mulungu mwiniwake akuti munthu wakhala ngati mmodzi wa ife. Azakhali anakhala kaye duu, kenako anamuyankha ndi Yesaya 43:10, pamene Yehova akuti sipanakhalepo mulungu wina Iye asanakhale, ndipo sipadzakhalanso wina pambuyo pake. Anatsanzikana mogwirana chanza, aliyense ali ndi vesi lake.

Tikudya mkate m'galimoto ndinawafotokozera azakhali komwe nkhaniyi inachokera. Pa 7 Epulo 1844 ku Nauvoo, mzinda umene Amormoni ankakhala nthawi imeneyo, Smith analalikira pokumbukira munthu wina dzina lake King Follett, amene anafa miyala itamugwera m'chitsime. Pofuna kutonthoza anamfedwa, ananena kuti Mulungu kale anali munthu ngati ife, ndipo ifenso tiyenera kuphunzira kukhala milungu. William Law, amene anali mmodzi mwa aphungu ake apamtima, sanagwirizane nazo. Iye ndi anzake anatulutsa nyuzipepala ya Nauvoo Expositor pa 7 Juni, yodzudzula milungu yambiri ndi mitala. Makina osindikizira anaphwanyidwa, Smith anatsekeredwa ku Carthage, ndipo pa 27 Juni gulu la anthu linamuwombera limodzi ndi mkulu wake Hyrum. Kuchokera pa ulaliki kufika pa maliro ake sipanathe miyezi itatu. Zimenezi zimandiwawa ndikaziganizira, chifukwa chiphunzitso anachisiya chili chiwisi, ndipo otsala ndi amene anayenera kulimbana nacho.

Brigham Young, amene anatsogolera ambiri ku Utah mu 1847, anapitirira nacho mpaka kunena mu 1852 kuti Adamu ndiye Atate ndi Mulungu wathu. Mtumwi Orson Pratt anamutsutsa, ndipo mu 1976 mtsogoleri wa mpingo wa ku Utah, Spencer W. Kimball, anati chiphunzitso cha Adamuchi ndi chabodza. Magulu a mitala amene anapatuka mpingo utasiya mitala mu 1890 akuchigwirabe.

Masana tinawoloka msewu kulowa kwa a Community of Christ. Awa ndi aja anatsatira mwana wa mneneriyo, Joseph Smith III, mu 1860, ndipo dzina latsopanoli analitenga mu 2001. Mayi wachikulire amene ankatiyendetsa anati iwo amakhulupirira Utatu Woyera, za kukhala milungu sizili mwa iwo. Azakhali anapuma mpweya waukulu ngati afika kwawo. A m'kanyumba koyera aja nawonso amakana milungu yambiri, koma ndi anzawo oyandikana nawowa sapemphera limodzi.

Tsopano ndi usiku, azakhali agona, ine tulo sitikubwera. Chiphunzitsochi sindingachilandire, koma ndikumvetsa chimene chimakoka mtima wa mtsikana uja: kuuzidwa kuti iwe ndi banja lako simudzasiyana, mudzangokulirakulira mpaka muyaya. Chimene chandikhala pakhosi ndi china. Kwa a ku Utah, njira yofikira ulemerero umenewo imadutsa m'kachisi, momwe mwamuna ndi mkazi amasindikizidwa ukwati wosatha. Mpaka mu Juni 1978 munthu wakuda sankaloledwa kulandira unsembe kapena kuchita miyambo ya m'kachisiyo. Azakhali anabadwa lamulo limenelo likadalipo. Ndimawayang'ana mmene amaimira paja atagwira Baibulo lawo long'ambika chikuto, n'kumaganiza kuti nthawi imeneyo akanauzidwa kuti ndi mwana weniweni wa Mulungu koma chitseko cha banja losatha n'chotseka kwa iwo m'moyo uno. Ndinafuna kumufunsa mtsikana uja za zimenezi, koma ndinaona kuti iye anabadwa zitapita kale, ndiye ndinangomuthokoza.

Kapepala kamene anatipatsa kali pa tebulo pansi pa makiyi a galimoto. Azakhali akuti akawerenga mawa tikaweruka ku tchalitchi.